Za Gitala Yonama pa Misa, ndi Makonzedwe Ake

Inu Akhristu anzanga okhala m'chidikha cha Kasungu, kuyambira ku Bua kufikira ku Dwangwa, mudziwa kuti masiku ano n'kovuta kupeza tchalitchi, ngakhale la kumudzi lomangidwa ndi zidina, limene kwaya yake sikhumba gitala ya magetsi. Kumene mawaya a magetsi sadafike, batire ndi sola zigwira ntchitoyo. Kale sizidali chomwecho. Magitala oyamba adalowa m'midzi muno pa mapewa a amuna obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo malo ake adali pa ukwati ndi pa mowa, osati m'nyumba ya Mulungu. Zinthu zidatembenuka pamene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udalola mu 1963 kuti zoimbira zina zilowe m'mapemphero, malinga aepiskopi avomereze. Ndipo Alleluya Band itayamba ku Balaka mu 1978, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a chipani cha Amontfort, anyamata a m'maparishi ambiri adagona akulota nsambo. Ine sindidandaula nazo zimenezi. Koma walira mvula walira matope: gitala ili ndi nthenda yake imodzi, imene ndidaiona ndi maso anga itatsala pang'ono kupasula kwaya, ndipo ndafuna kukulemberani za iyo kuti isakudzidzimutseni.

Nthendayo ndi iyi. Woimba akunga nsambo zake zonse mosamala, kufikira iliyonse, poikhudza payokha, ilira mau ake oyenera; ngakhale kachipangizo kochunira, kapena foni, kavomereza kuti zonse zili m'malo. Koma dzanja likayamba kuyenda pa khosi la gitala kulowera ku mimba yake, kumene kuli mau aang'ono, mauwo ayamba kusemphana ndi mau a anthu, pang'ono poyamba, pambuyo pake moonekeratu, monga mlendo amene walonjera bwino pakhomo nayamba kunama atakhala pa mphasa. Woimba akunganso, nayesanso, koma osaphula kanthu. Pakuti akakonza kumtunda, kumunsi kwaonongeka. Amisiri a zoimbira alitcha vuto limeneli intonation. Ife kwathu tingoti gitala ikunama.

Pa tchalitchi lathu, limene lili nthambi ya parishi, Akhristu adasonkha chaka china atagulitsa fodya ku Chinkhoma, mphakati uliwonse gawo lake, natuma anthu awiri ku Lilongwe kukagula gitala yogwirapo kale ntchito pamodzi ndi chokuzira mau chake. Amene adalimapo fodya adziwa kuti ndalama yotere si yotola panjira. Ndi ya kuthirira nazale m'dzuwa la Okutobala, ya kuwokera pa mvula, ya kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, ya kusankha tsamba ndi tsamba ndi kudinda mabelo. Gitalayo adaipereka m'manja mwa mnyamata wina wa khutu labwino, amene adaphunzira kuimba pa banjo ya chigubu yodzipangira yekha. Miyezi ya chisanu idalira mokoma, ndipo agogo amene poyamba ankaipenya cham'mbali adayamba kugwedeza mitu. Koma mvula itagwa, pofika pa Khirisimasi, pa nyimbo ya Ulemu, pamene mnyamata adakwera pa mau aang'ono, amayi a soprano adapenyana, ena nasiya kuimba.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi udadzala mau. Amayi adati mnyamatayo wayamba matama, aimba ngati ali pa bala. Anzake a mnyamata adati amayi ndiwo akoka nyimbo. Ndipo choipa koposa, anthu adayamba kunong'onezana kuti awiri aja adatumidwa ku Lilongwe adadya ndalama, nagula chinthu chakufa. Mmodzi wa iwo ndi munthu wokalamba, amene sadatengepo ngakhale singano ya mwini. Ndidamuona atakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, chipewa chili pa maondo, wosatukula maso. Mnyamata uja adajomba Lamulungu kawiri. Akuluampingo adayamba kukamba zoigulitsa gitalayo pa mtengo uliwonse.

Adatipulumutsa ndi mlendo, mphwake wa mmodzi wa akuluampingo, amene adaimbapo m'bandi ku tauni nabwera kumudzi kudzaona amalume ake. Iye adaitenga gitala, naipenyetsetsa kuchokera kumutu monga mmisiri apenyera thabwa ngati lawongoka, nati kwa ine, pakuti adamva kuti ndine mmisiri wa matabwa: “Bambo, gitala iyi ilibe mlandu. Ingofuna sikuludiraiva ndi kudekha. Muitaneni mwana uja adzaone ndi maso ake.” Zimene adatiphunzitsa masana amenewo, ndi zimene ndidaonjezapo pambuyo pake pofunsa ndi poyesa, ndi izi.

Mulungu adaika lamulo m'nsambo iliyonse yokungika, ya bangwe, ya kaligo, ngakhale ya uta wa mlenje. Ikafupika, mau ake achepa. Ndipo mukaigawa pakati penipeni, theka lake lilira mau omwe aja a nsambo yonse, koma aang'ono, monga bambo ndi mwana wake wamng'ono akamaimba nyimbo imodzi. Lamulo limeneli Agiriki akale adalidziwa, ndipo mmonke wa chipani cha Benedikito Woyera, Guido wa ku Arezzo m'dziko la Italy, ankaphunzitsa nalo ana a kwaya cha m'ma 1025, pogwiritsa thabwa la nsambo imodzi yokha lolembedwa mizere. Ndi yemweyo amene adayambitsa maina aja tiphunzirira nyimbo, re, mi, fa, sol, la. Tsono woimba kaligo savutika, pakuti chala chake chiyenda momasuka, ndipo khutu likamuuza kuti waphonya, angosuntha chala. Koma gitala adaikhomera timizere ta chitsulo topingasa khosi, totchedwa mafureti, ndipo timeneti sitisuntha. Pa magitala ambiri a magetsi, otsata muyeso wa Fender, chigawo cholira cha nsambo chitalika mamilimita 648, kuchokera pa kafupa ka kumutu kufikira pa timitsamiro ta kumimba. Pa otsata muyeso wa Gibson ndi pafupifupi 628. Fureti yoyamba ili pa mamilimita 36 ndi pang'ono, ndipo zotsatira zinka ziyandikirana, kufikira ya nambala 12, imene ili pa 324, ndiye pakati. Nsambo yachisanu, yotchedwa A, injenjemera ka 110 pa sekondi imodzi. Mukaidinikiza pa fureti 12 iyenera kunjenjemera ka 220, osapitirira, osaperewera.

Nanga bodza lichokera kuti? Taonani chingwe choyanikira zovala. Mukachidinikiza ndi dzanja, chikungika koposa mmene chidalili. Nsambo nayonso ikhala m'mwamba pang'ono, yosakhudza mafureti, ndipo chala chikaitsitsa kuti ifike pa chitsulo, chaikoka, mau nakwera kupitirira muyeso. Nsambo yolimba msana ikwera koposa yofewa. Chifukwa chake opanga magitala adagoneka nsambo pa timitsamiro toyenda, tokhala ndi sikuluwu yokankhira kutsogolo ndi kukokera kumbuyo, kuti nsambo italikitsidweko mamilimita 1 mpaka 3, kubwezera chimene chala chaba. Gitala ya Stratocaster, imene Leo Fender adatulutsa ku California mu 1954, ili ndi timitsamiro 6, nsambo iliyonse kake, ndipo magitala ambiri ogulitsidwa m'matauni mwathu adatsanzira imeneyo. Ambiri a ife tinkayesa kuti timasikuluwu timeneti n'tongogwirizira chitsulo kuti chisagwe, ndipo palibe adayerekeza kutikhudza.

Mwina mufunsa kuti, ngati timitsamiro tidaikidwa bwino kumene gitala idapangidwa, chatisokoneza n'chiyani? Apa ndi pamene ine ndidamva msanga, pakuti mtengo ndiudziwa. Thabwa silifa konse. Chitseko cha mlombwa chimene ndapala mu Seputembala, nkumalowa m'felemu mwake ngati dzanja m'thumba, pofika Januwale chikana kutsekeka, mwini nyumba nadza kwa ine ndi nkhope yamakwinya; ndimuuza kuti adikire Juni, ndipo Juni akafika chitseko chitsekeka chokha. Inu alimi a fodya mudziwa zimenezi koposa ine. Tsamba louma m'chigafa simuligwira dzuwa lili paliwombo, pakuti linyenyeka m'manja. Mudikira m'bandakucha, kapena tsiku la mitambo, litamwa chinyontho n'kufewa, ndipo pamenepo mulisankha ndi kulimanga. Chimene chifewetsa tsamba ndi chomwecho chilowa m'thabwa. Khosi la gitala ndi thabwa lopyapyala, kawirikawiri la mtengo wa kunja wotchedwa maple, ndipo nsambo 6 zilikoka usana ndi usiku ndi mphamvu ya makilogalamu 40 kapena 45, kutsala pang'ono kukwana thumba la feteleza. Kuno kwathu mvula igwa miyezi inayi kapena isanu, ndipo pambuyo pake padutsa miyezi yambiri yopanda dontho, kufikira kutentha kwa Okutobala kumene kung'amba nthaka. Thabwa lomwa ndi kulavula chinyontho chotere, lili chisenzere katundu wotere, silingakhale duu. Nthawi zina liwerama, nsambo nizitalikira mafureti, chala nichikoka koposa. Nthawi zina libwerera chagada, nsambo niziguguda pa zitsulo. M'chilimwe mudzamvanso nsonga za mafureti zikukanda dzanja m'mbali mwa khosi, chifukwa thabwa lachepa koma chitsulo sichidachepe.

Mlendo uja sadayambe ndi timitsamiro ai. Adayamba ndi nsambo, naziyendetsa chala kunsi kwake, chala nichituluka chofiira ndi dzimbiri. Nsambo yadzimbiri, kapena yomatirira litsiro, silemeranso mofanana m'utali wake wonse, ndipo yotere singanene zoona ngakhale mutapotokola masikuluwu kufikira dzuwa kulowa. Amene athyola fodya adziwa utomoni wakuda uja umatirira m'manja. Mnyamata wathu ankachoka kumunda nathamangira ku maphunziro a kwaya, ndipo utomoniwo pamodzi ndi thukuta zidatsala pa nsambo. Tidapezanso kuti nsambo imodzi idaduka kale, nailowetsa ina yonenepa kuposa inzake yoyamba. Nsambo ikasintha kunenepa, kamtsamiro kake kafunanso malo ena. Motero adavula zonse, naika zatsopano za paketi imodzi, nazikoka pang'onopang'ono ndi dzanja, nazikunganso, katatu kapena kanayi, kufikira zitaleka kutsika.

Pambuyo pake adayesa khosi. Adauza mnyamata kuti adinikize nsambo yonenepa pa fureti yoyamba ndi pa yotsiriza nthawi imodzi, ndipo ife tidasuzumira pakati, cha pa fureti 7 kapena 8. Pamenepo payenera kutsala mpata waung'ono kwambiri, wolowa khadi lopyapyala ngati la ubatizo. Pa gitala yathu padali polowa ndalama yachitsulo. M'kati mwa khosi muli ndodo ya chitsulo yolimbana ndi nsambo, ndipo mutu wake uzungulizidwa ndi kakiyi kopindika. Apa ndichenjeze kolimba. Ndodo imeneyi siipotokola monga mupotokolera nati ya ngolo. Muizunguliza gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira kumodzi, kapena kuchepera, ndipo muleka thabwa lipume. Ikakana, musaikakamize, pakuti ikathyoka m'katimo, gitala yafa ndithu, ndipo nkwabwino kulipira mmisiri wa m'tauni kusiyana ndi kulira maliro otero. Khosi litawongoka, adatsitsa nsambo kufikira mpata wa pa fureti 12 udakhala pafupifupi mamilimita 2 ku mbali yonenepa, ndi 1.5 ku mbali yowonda.

Tsono idakwana nthawi ya ntchito yeniyeni, ndipo lamulo lake n'lalifupi, loti mwana wa sukulu angaliloweze. Gitala ikhale pa miyendo monga poimba, osati chogona pa tebulo. Kungani nsambo imodzi kufikira ilira zoona payokha. Kenaka ikhudzeni mopepuka ndi nsonga ya chala pamwamba penipeni pa fureti 12, osaidinikiza, muilize: mudzamva kamau koyera ngati ka belu laling'ono la pa guwa. Kameneko ndiko mboni yosanama, pakuti ndi theka lenileni la nsambo. Pomaliza idinikizeni pa fureti yomweyo monga muchita poimba, muilizenso, ndipo mufanizire mau awiriwo. Ngati mau odinikiza akwera kupitirira a belu aja, nsambo yafupika: kokerani kamtsamiro kumbuyo, kutali ndi khosi. Ngati atsika, nsambo yatalika: kankhirani kamtsamiro kutsogolo. Nthawi iliyonse mwasuntha, kunganinso nsambo musanayese, pakuti kusunthako kwaisokoneza. Ndipo pokokera kumbuyo muyambe mwaimasulako pang'ono, kuti sikuluwu isadyeke mutu. Amene ali ndi chochunira cha pa foni aone ndi maso chimene khutu likayika nacho, koma asaleke kumvetsera.

Zimveka zapafupi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsambo iliyonse idatidyera nthawi yake, ina kuyesa kasanu, ina kakhumi. Sikuluwu ya nsambo yachitatu idagwidwa dzimbiri nikana kuyenda, kufikira amayi ena adathamangira kunyumba kukatenga mafuta a makina osokera. Dontho limodzi ndi kudikira pang'ono zidaimasula. Ndipo nsambo yachitatuyo ndi imene idali kunama koposa zonse. Titatsiriza, timitsamiro sitidakhale pa mzere umodzi, ndipo mkulu wina adati taononga. Koma mlendo adamuonetsa kuti tiyenera kuima ngati makwerero awiri, titatu uku titatu uku, ka nsambo yonenepa koposa kali kumbuyo kwa tonse, ndipo ka nsambo yachitatu, imene ili waya wopanda chokulunga, kali kumbuyo kwa ka yachinayi. Mukaona gitala imene timitsamiro take tafola bwinobwino ngati asilikali, kayikirani.

Padatsala zinthu ziwiri zazing'ono. Pansi pa nsambo pali timaginito timene timva kunjenjemera kwake ndi kukutumiza ku chokuzira mau. N'chifukwa chake gitala ya magetsi ifuna nsambo za chitsulo, za nayiloni sizilira. Timaginito timeneti tikayandikira kwambiri tikoka nsambo, makamaka zonenepa, mau nayamba kugwedera ngati munthu wa malungo, ndipo chochunira sichikhazikika. Titsitseni kufikira patsala mamilimita 2 kapena 3 nsambo itadinikizidwa pa fureti yotsiriza. Chachiwiri chili m'dzanja la woimba. Mnyamata wathu adazolowera banjo ya mawaya olimba, ndipo ankafinya khosi la gitala monga afinyira mpini wa khasu. Nsambo zofewa za gitala ya magetsi zikafinyidwa chotero zikwera mau, ngakhale zonse zitakonzedwa. Mlendo adamugwira dzanja nati: “Mphwanga, usaikanyange, ingoigwira ngati ukugwira dzira.”

Lamulungu lotsatira amayi a soprano sadapenyane. Nkhani ya ndalama idazilala yokha, ndipo wokalamba uja adabwerera pa benchi lake la kutsogolo, ngakhale kuti, kunena zoona, sindidamve munthu ndi mmodzi yemwe akupita kukamupepesa, ndipo ichi chindiwawabe.

Komabe musayembekeze kuti gitala, ngakhale yokonzedwa ndi katswiri, idzagwirizana ndi mau a anthu kotheratu. Mafureti adawagawa kuti masitepe onse 12 akhale ofanana, kuti woimba athe kuyambira nyimbo paliponse. Ndipo pofuna ufulu umenewo adalola kuti mau ena apatuke pang'ono pa malo amene khutu liwafuna. Kwaya yabwino ikaimba popanda choimbira, alto ndi tenala adzisuntha okha, nakumana pamalo okoma amene chitsulo sichingafike. Amene adamvapo amayi a kumudzi akuimba usiku pa maliro adziwa chimene ndikunena. Chifukwa chake ine ndiweruza kuti gitala m'tchalitchi ikhale mtumiki woyenda pambuyo, osati mfumu. Malangizo a Eklezia a mu 1967 onena za nyimbo zopatulika anena zomwezo, kuti zoimbira zichirikize mau a anthu, zisawakwirire kufikira mau a pemphero osamveka. Pali makwaya amene atsegula chokuzira mau kufikira malata a denga alira, ndipo gogo wa kumbuyo sadziwa ngati tili pa Oyera kapena pa Mwanawankhosa. Kumeneko sikuludiraiva sangathandize. Afunika mtsogoleri wa kwaya wolimba mtima, wotambasula dzanja ndi kuchepetsa.

Kwathu tidapangana kuti gitala iziyesedwa kawiri pa chaka. Chikondwerero cha Sesiliya Woyera, nkhoswe ya oimba, chigwa pa 22 Novembala, nyengo ili pafupi kutembenuka. Tsiku limenelo tigula nsambo zatsopano, koma kuyesa kwenikweni tidikira mvula itakhazikika, Khirisimasi isanafike. Kachiwiri tiyesa mu Juni, fodya atapita ku msika ndipo mpweya utauma. Ndidaipangira bokosi la matabwa, ndipo siitsamiranso khoma lonyowa kapena kugona pansi pa malata otentha. Woimba asamba m'manja ndi sopo asanaigwire, napukuta nsambo ndi kansalu kouma akatha. Sikuludiraiva wamng'ono, kakiyi kopindika ndi botolo la mafuta a makina zikhala m'bokosi momwemo, ndipo kiyi wa bokosilo asunga amayi osunga chuma cha kwaya.